Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Ophunzira a Occupational Therapy Afike Kumudzi ndi Owayang'anira

Olemekezeka a Nduna,

Kalatayi ikukhudza ophunzira a occupational therapy, ntchito imene ambiri amaisokoneza ndi mafizo ngakhale kuti cholinga chake n'china. Pamene wa mafizo amalimbana ndi kubwezeretsa mphamvu ndi kayendedwe ka ziwalo, katswiri wa ntchitoyi amathandiza munthu amene wafa ziwalo, wapsa ndi moto, wadwala maganizo kapena anabadwa ndi ulumali kuti azitha kusamba, kuvala ndi kudya yekha, komanso kubwerera ku sukulu kapena ku ntchito imene imamudyetsa. Bungwe la World Federation of Occupational Therapists, m'malamulo ake amene anakonzedwanso mu 2016, limafuna kuti wophunzira athere maola osachepera 1,000 akugwira ntchito pa odwala enieni pansi pa womuyang'anira, ndipo pempho la kalatayi lagona pa malo amene maolawo adzatherako.

N'zomveka kuti maso amathamangira ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kachere mu Blantyre, ku Kamuzu Central mu Lilongwe ndi ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba, chifukwa kumeneko n'kumene kuli akatswiri, zipangizo ndi odwala a mitundumitundu, ndipo wophunzira aliyense ayenera kudutsako. Komatu kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo ambiri otuluka m'zipatalazi n'kumene amabwerera.

Mayi amene wadwala sitiroko akhoza kuphunzitsidwa ali m'wodi kutsika pabedi ndi kukhala pa chimbudzi chamadzi chokhala ndi zogwirira, koma kwawo amagona pamphasa, amanjuta pa chimbudzi chokumba, amaphika atawerama pa mafuwa, ndipo madzi amakatunga pa mjigo. Wophunzira amene sanafikepo pakhomo lotere sangadziwe kuti funso lalikulu ndi lakuti mayiyo adzavundula bwanji nsima ndi dzanja limodzi, ndiponso ndani adzamugwirira mphika. Kumudzi n'kumene wophunzira amadziwira kukulunga chogwirira cha supuni ndi mphira wa chubu cha njinga kuti dzanja lofooka ligwire, kuumba mpando wa makatoni wa mwana amene malungo a mu ubongo anamusiya osatha kukhala tsonga, kufotokozera mmisiri wa matabwa miyezo ya chopondera, ndi kukambirana modekha ndi agogo amene akukhulupirira kuti mwanayo anachita kulodzedwa. Luso limeneli silili lotsika poyerekeza ndi la m'tauni. Kunena zoona, ndilo phata la ntchitoyi.

Komabe kutumiza wophunzira ku chipatala cha boma laling'ono popanda womuyang'anira n'kumutaya, ndipo n'kuika odwala pa chiswe. Womuyang'anira ndi katswiri wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi amene amaonerera wophunzira akupima wodwala, kumukonza asanalakwitse, ndi kusainira kuti luso lakutilakuti walidziwa. Chomangira dzanja chopangidwa molakwika chimatupitsa khungu n'kusiya bala, ndipo mwana wovutika kumeza akadyetsedwa atakhala molakwika akhoza kutsamwa. Alangizi a zaumoyo amadziwa makomo ndi njira, ndipo uphungu wa pa WhatsApp umathandiza pakati pa sabata, koma zonsezi sizingalowe m'malo mwa maso a katswiri.

Choncho a Nduna akupemphedwa kuti unduna ukhazikitse mipando ya akatswiri a ntchitoyi m'zipatala za m'maboma ndi kulembapo anthu, poyambira maboma amene angalandire ophunzira msanga, monga Mangochi, kumene sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences ili kale ndi malo ophunzitsira za umoyo wa m'midzi. Kufikira mipandoyo itadzaza, ndalama za mafuta a galimoto, malo ogona ophunzira ndi maulendo a owayang'anira ochokera m'zipatala zazikulu zilembedwe pa mzere wakewake mu bajeti ya unduna, m'malo modikira chifundo cha mabungwe amene mapulojekiti awo amatha ophunzira asanamalize.

Mwaulemu,
Wokhudzidwa ndi maphunziro a zaumoyo