Musanamutukwane namwino, muyang'ane m'manja mwake

Abale anga a m'gulu muno, pa Facebook timachita kupikisana kutukwana anamwino. Amwano, aulesi, amangokhalira foni. Ena ndi amwanodi, sindikukana. Koma ndani wa inu anafunsapo ngati namwino amene anamubaya jakisoni uja anali ndi magulovesi okwanira tsiku limenelo?

Ine kumsika tomato akandiwolera ndimangotaya, mawa ndikaodanso. Namwino singano yomwe wabayira wodwala ikamulasa pachala, akhoza kutenga HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B. Ayenera kuyamba mankhwala a PEP asanathe maola 72, n'kumwa masiku 28. Nanga ngati ali yekha mu wodi yonse usiku, odwala ena atagona pansi, amusiyira ndani ntchito kuti athamangire mankhwalawo? Chifuwa chachikulu cha TB chimayenda mumpweya, ndipo kamasiki kopyapyala kaja sikokwanira, pamafunika ya N95. Mumawaona kangati atavala?

Mu April 2020, corona itangofika, anamwino ndi madokotala a pa Queens ku Blantyre ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Ena anati ndi dyera, eti akungofuna ma alawansi. Kenako kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo amene ankapukuta masanzi ndi chimbudzi m'matenti muja ndi omwewo timawanyozawa.

Lamulo loteteza anthu pantchito lilipo kuyambira 1997. Lamulo la papepala silitchinga magazi, anthuni. Boma ligule magulovesi, sopo, mabokosi otayamo masingano, ndipo lionetsetse kuti namwino aliyense walandira katemera wa hepatitis B. Lilembenso ntchito anamwino amene anamaliza sukulu koma angokhala pakhomo.

Nanunso anamwino, mundimve. Kubwezera chivindikiro pa singano yomwe mwabayira kale munthu si ukatswiri, ndi kusewera ndi moyo. Mukalasidwa kanenenitu, musabise poopa kusekedwa. Bungwe lanu la NONM lizikuwa za zimenezi ngati mmene limakuwira za malipiro.

Ndipo inu owerenga, phungu wanu akabwera kudzagawa nsalu, mufunseni kuti pachipatala cha kwanu pampopi pakutuluka madzi kapena ayi. Namwino akadwala TB, mayi wanu akapita kukachira adzapeza pachitseko pali loko.