Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: Maphunziro Osamalira Nyama Zakutchire Afike ku Chongwe

Kanakantapa, m'boma la Chongwe

Olemekezeka a Nduna,

Ntchito yosamalira nyama zakutchire ili pawiri. Ina ndi ya kutchire kwenikweni: kulondera nkhalango, kuwerenga nyama, kuchotsa makhwekhwe, kugwira opha nyama mozemba ndi kukambirana ndi midzi imene minda yake yaonongedwa ndi njovu. Ina ndi ya mumpanda, momwe nyama imadya chimene munthu waipatsa, imamwa pamene munthu waithirira madzi, ndipo ikadwala imadalira maso a munthu yemweyo. Dziko la Zambia lili ndi sukulu zodziwika za ntchito yoyambayo. Yachiwiriyi ndiyo yatsalira m'mbuyo, ndipo kalatayi ikupempha unduna kuti uikhazikitsire maphunziro akeake m'boma la Chongwe, kumene ntchitoyo ili pakhomo.

Zambia ili ndi malo osungirako nyama a boma okwana 20 ndi madera 36 owazungulira momwe anthu amakhala pamodzi ndi nyama, ndipo onsewa akuta pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 linathetsa bungwe loyang'anira nyama la ZAWA n'kubwezera ntchitoyi m'manja mwa boma, pansi pa Department of National Parks and Wildlife, yomwe likulu lake lili ku Chilanga. Lamulo lomwelo limazindikira makomiti a anthu a m'midzi otchedwa Community Resources Boards, ndiponso limalola munthu kapena kampani kuweta nyama zakutchire pamalo ake akapatsidwa chilolezo. Apa m'pamene pagona nkhani: chilolezo chimatuluka mu ofesi, koma munthu woisamalira nyamayo tsiku ndi tsiku amatuluka m'sukulu.

Mbiri ya maphunzirowa m'dziko muno inayambira pa kulondera. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo a nyama m'chigwa cha Luangwa kuti ndalama za alendo zizifika kwa eni dera. Ufulu utabwera, akuluakulu ambiri a nthambi ya nyama ankakaphunzira ku koleji ya Mweka ku Tanzania, yomwe inatsegulidwa mu 1963. M'zaka za m'ma 1980, njovu ndi zipembere zitaphedwa kwadzaoneni, panabadwa ndondomeko ya ADMADE yopatsa anthu a m'midzi gawo poteteza nyama, ndipo ku Nyamaluma m'dera la Lupande achinyamata a m'midzi anaphunzitsidwa kulondera, kulemba zimene aona ndi kuwerenga mapu. Lero olondera nyama amaphunzitsidwa ku Chunga, m'nkhalango ya Kafue. Ofuna digiri ya kasamalidwe ka nyama zakutchire amapita ku Copperbelt University ku Kitwe, ndipo madokotala a ziweto amachokera kusukulu ya Samora Machel pa University of Zambia, yomwe inayamba mu 1983.

Sukulu zimenezi zagwira ntchito yotamandika. Chipembere chakuda chinalengezedwa kuti chatha m'Zambia mu 1998, koma mu 2003 chinabwezeredwa ku North Luangwa mothandizana ndi Frankfurt Zoological Society. Zipembere zoyambazo sizinangotsitsidwa m'ndege n'kusiyidwa kutchire. Zinayamba zakhala m'makola olimba a mitengo, anthu akuzidulira nthambi zoti zidye mpaka zitazolowera masamba a dziko lachilendo. Masabata amenewo anali ntchito ya mumpanda, ndipo popanda iwo ntchito ya kutchire ikanalephera.

Luso la mumpanda limaonekera bwino pa mwana wa njovu wamasiye. Mwanayo amadalira mkaka kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, koma mkaka wa ng'ombe umamutsegula m'mimba ndipo ungathe kumupha. Amafunika mkaka wosakaniza mwapadera, wofunda bwino, m'botolo lotsukidwa, maola ochepa alionse usana ndi usiku. M'miyezi ya Juni ndi Julayi womusamalira amamufunditsa bulangeti, chifukwa kutchire akanagona pakati pa miyendo ya akuluakulu. M'mawa womusamalirayo amayang'ana ndowe, amaona ngati masaya alowa, amayang'anitsitsa khungu la kuseri kwa makutu, n'kulemba zonse m'buku. Osamalira amasinthana, kuopa kuti mwanayo angakonde munthu mmodzi n'kukana kuyamwa tsiku limene munthuyo wapita kumaliro kwawo. Ndipo zonsezi zimachitika ndi cholinga choti tsiku lina njovuyo idzaiwale botolo n'kubwerera kwa anzake. Bungwe la Game Rangers International limachita zimenezi pafupi pomwepa: malo ake olerera ana a njovu anasamuka ku Lilayi kupita ku Lusaka National Park mu 2022, ndipo njovuzo zikasiya kuyamwa zimatengedwa kupita ku Kafue.

Nswala ndi mphalapala zili ndi vuto lina. Zikathamangitsidwa nthawi yaitali pozigwira, minofu yake imaonongeka ndi mantha ndi kutentha, ndipo nyama yooneka yamphamvu pokwera galimoto imafa patapita masiku angapo. N'chifukwa chake odziwa amagwira nyama m'nyengo yozizira, m'mamawa, amaiphimba kumaso ndi nsalu ndipo amaletsa phokoso. Mankhwala ogonetsa nyama zikuluzikulu, monga etorphine, ndi oopsa kwambiri moti kadontho kokha kangaphe munthu. Amabaya ndi dokotala, koma wogwira mutu wa nyamayo, wowerenga mpweya wake ndi woithira madzi kuti isatenthe thupi ndi wothandizira, ndipo iyeyo akalakwitsa, digiri ya dokotala siipulumutsa nyamayo. Nayo ngaka yolandidwa kwa ozembetsa siidya za m'mbale. Imafuna kuperekezedwa kutchire maola angapo tsiku lililonse kuti ikadzifukulire nyerere ndi chiswe.

Palinso matenda, ndipo apa nkhaniyi imakhudza mlimi aliyense wa ng'ombe. Nkhupakupa zochoka pa njati zimapatsira ng'ombe matenda a denkete. Nyama za lechwe za m'madambo a Kafue zinapezeka ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Anthrax inapha mvuu zambiri m'Luangwa mu 1987, ndipo mu 2011 inadwalitsa anthu a ku Chama amene anadya nyama ya mvuu zofa zokha. Pamene mpanda wa nyama zakutchire wachita malire ndi msipu wa ng'ombe za m'mudzi, woyamba kuona chizindikiro ndi amene amayendera mpandawo m'mawa uliwonse. Akakhala wophunzira, amadziwa kuti mtembo wotuluka magazi akuda m'mphuno sutumbulidwa, ndipo amaitana a zaziweto asanafike agalu ndi anthu a mipeni.

Digiri ya ku Kitwe imayang'ana kwambiri nyama zili m'chilengedwe chake, kuchuluka kwake ndi malo ake. Dokotala wa ziweto amaitanidwa zinthu zikavuta. Pakati pa awiriwa pali munthu wodyetsa, woyeretsa khola, wokonza mpanda wamagetsi ndi wosunga kaundula wa nyama iliyonse, ndipo kawirikawiri ameneyu amaphunzira poonera anzake. Amalembedwa ngati waganyu, amakalamba ali ndi nzeru zochuluka koma wopanda pepala, ndipo akachoka nzeruzo zimapita naye.

Malo ofuna anthu otere azungulira Chongwe. Chaminuka, famu yosungira nyama zakutchire yomwe anaikhazikitsa Andrew Sardanis, ili m'boma lomwe lino, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Kumpoto chakum'mawa kwa Lusaka kuli Kalimba, kosungidwa ng'ona ndi njoka. Lusaka National Park, yomwe inatsegulidwa mu 2015, ndi yotchingidwa ndi mpanda ndipo nyama zake zambiri zinachita kubweretsedwa. Ku Chilanga kuli Munda Wanga, womwe unayamba ngati munda wa maluwa ndi mitengo wa Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950, pambuyo pake n'kukhala malo osungirako ndi kupulumutsirako nyama. Kuseri kwa mapiri a kum'mwera chakum'mawa kuli nkhalango ya Lower Zambezi. Ophunzira angafike kumalo ambiri mwa amenewa m'mawa n'kubwerako madzulo.

Kanakantapa ali ndi chifukwa chakechake cholankhulira. Derali linatsegulidwa mu 1988, m'nthawi ya Pulezidenti Kaunda, kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni apatsidwe minda, ndipo boma la Japan linathandiza pa chitukuko chake. Achinyamata aja lero ndi agogo. Munda umene unakwanira banja limodzi ukudyetsa mabanja a ana ndi adzukulu, ndipo chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinaonetsa kuopsa kodalira chimanga chokha. Mvula ikakana, nkhwangwa imalowa m'tchire. Matumba a makala amakwera njinga kulunjika mu Great East Road, ndipo khwekhwe limatcheredwa panjira ya gwape. Palibe amene amachita zimenezi chifukwa chodana ndi chilengedwe. Njala ilibe manyazi.

Komatu mwana wokulira kuno amafika ku sekondale atadziwa kale zambiri zimene mnzake wa m'tauni amaziona m'buku. Anaweta ng'ombe ali wamng'ono, ndipo amazindikira yodwala poona mmene yagwetsera makutu ndi mmene yatsalira m'mbuyo popita kudibi. Amasiyanitsa phazi la insa ndi la mbuzi, amadziwa una umene muli nungu, amadziwa mtengo umene mbuzi zimaupewa. Nyamaluma inatsimikiza kale kuti nzeru zoterezi zikakumana ndi maphunziro zimabala antchito odalirika. Chimene chimamutsekereza mwanayo ndi mtunda ndi ndalama. Kitwe ndi kutali, malo a digiri ndi ochepa, ndipo kholo logulitsa tomato ndi repu silingakwanitse zaka zinayi za malo ogona ndi chakudya kumigodi.

Boma la Chongwe lili kale ndi mayunivesite awiri a boma. Chalimbana ndi ya mbiri yakale yosula aphunzitsi. Palabana yaphunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka kwa zaka zambiri, ndipo ili ndi makola, msipu ndi aphunzitsi odziwa kadyetsedwe ndi matenda a ziweto. Kumeneko n'kumene kungayenere dipuloma ya zaka ziwiri kapena zitatu ya kasamalidwe ka nyama zakutchire zosungidwa. Ophunzira angaphunzire thupi ndi khalidwe la nyama, zakudya zake, kamangidwe ka makola ndi mipanda, kagwiridwe ndi kanyamulidwe kake, matenda opatsirana pakati pa nyama, ziweto ndi anthu, lamulo la 2015 ndi pangano la CITES loyendetsa malonda a nyama pakati pa mayiko, komanso kusunga kaundula pa kompyuta. Theka la nthawiyo liyenera kuthera kukhola, atavala magambutsi, chifukwa kuyandikira njati sikuphunziridwa pa bolodi. Wochita bwino apatsidwe njira yopitirira ku Copperbelt University osayambanso chaka choyamba, ndipo amene agwira ntchitoyi zaka zambiri opanda pepala ayesedwe luso lawo kudzera ku bungwe la maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA n'kupatsidwa satifiketi.

Ena amati kutsekera nyama n'nkhanza, ndipo nthawi zina amanena zoona: mkango woyenda uku ndi uku pa simenti tsiku lonse ndi nyama yovutika. Koma nyama zamasiye, zovulala ndi makhwekhwe ndi zolandidwa kwa ozembetsa zidzapitiriza kufika, ndipo chimene chimasiyanitsa ndende ndi chipatala ndi munthu wozisamalira. Ena amakayika ngati ntchito zilipo zokwanira. N'chifukwa chake kalasi yoyamba ikhale yaing'ono, ndipo eni malo osungira nyama afunsidwe kuyambira pachiyambi kuti akufuna anthu angati ndi odziwa chiyani. Wotsiriza maphunzirowa angathenso kugwira ntchito pa famu ya ng'ombe, ya nsomba kapena ya ng'ona.

Nkhaniyi imagwera maunduna atatu: wa Zamaphunziro woyang'anira mayunivesite, wa Zokopa Alendo woyang'anira nyama, ndi wa Luso ndi Sayansi woyang'anira TEVETA. Mutu umodzi susenza denga, komabe payenera kupezeka woitanitsa msonkhano, ndipo pempho ndi lakuti a Nduna ya Zamaphunziro ndiwo aitanitse. Pamsonkhanopo pakhale akuluakulu a Palabana, a nthambi ya nyama ku Chilanga, a sukulu ya Samora Machel, eni malo osungira nyama, ndi nthumwi za Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, mwini nthaka ya Asoli. Pakambidwe za silabasi, za malo ochitira maphunziro a manja, ndi za kuika maphunzirowa pa mndandanda wa amene amalipiridwa ndi thumba la chitukuko la CDF ndi ngongole za ophunzira za HELSB, kuti wa ku Kanakantapa amene wakhoza sayansi ya zamoyo athe kulembetsa nawo m'kalasi yoyamba.

Mwaulemu,
Nzika ya ku Kanakantapa