Muvi wa Mlendo ndi Muvi wa Agogo

Amene amaphunzitsa anthu kusankha mivi ya uta wamakono amakonda kutchula chifundo. Amati sankha muvi woyenera kuti nyama ife msanga, isazunzike. Mawuwo ndi abwino ndipo sinditsutsana nawo. Chimene ndikukana n'chakuti kuno ku Zimbabwe chifundo chimenechi achisandutsa mpanda. Wokhala ndi madola ali mkati ndipo amatchedwa mlenje. Wopanda madola ali kunja ndipo amatchedwa wakuba.

Tiyambe ndi luso lenilenilo, poti ndi luso ndithu. Uta umene Azungu amautcha compound bow anaupanga Holless Wilbur Allen wa ku Missouri, ku America, ndipo boma la kwawo linamupatsa umwini wa lusoli mu 1969. Uli ndi timagudumu kunsonga zonse ziwiri. Ukakoka nsinga mpaka patsaya, timagudumuto timasenza mbali yaikulu ya mphamvu, iwe n'kulunjika modekha, dzanja losanjenjemera. Uta wotere sufuna muvi wachisawawa. Choyamba amayeza kuuma kwa muvi: amaugoneka pa zochirikiza ziwiri zotalikirana mainchesi 28, n'kupachika pakati pake chinthu cholemera magalamu 880 kuti aone mmene upindikire. Muvi wolembedwa 340 ndi wouma kuposa wolembedwa 500. Muvi wofewa ukauika pa uta wamphamvu umauluka mokhotakhota, mwinanso kukuthyokera m'manja. Chachiwiri ndi kulemera. Ed Ashby, amene anayesa mivi pa nyama ku Mkuzi, m'dera la Natal, m'zaka za m'ma 1980, amalimbikitsa muvi wa magalamu pafupifupi 42 kapena kuposerapo kuti uboole fupa lalikulu, ndiponso kuti kulemerako kupendekere kutsogolo. Chachitatu ndi mutu wa muvi, umene uyenera kukhala wakuthwa ndi wosapindika ukagunda nthiti.

Zonsezi n'zoona. Koma zimalembedwa ngati kuti funso lakuti ndi muvi uti umapha bwino linayamba kufunsidwa ku Missouri.

Ine ndimakhala ku Hatcliffe, kumpoto kwa Harare. Makombi athu pochokera m'tauni amadutsa ku Borrowdale, kumene kumakhala anthu oti akhoza kugula uta wotere osafunsa mtengo. Msewu womwewo ukapitirira umafika ku Domboshava, kumene kuli phanga la zithunzi zimene anthu akale anajambula pathanthwe. M'mapanga ambiri a dziko lino zithunzi zotere zimaonetsa amuna atanyamula mauta ndi mivi. Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia kudzagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi, uta tili nawo m'kamwa momwe. Mvula ikakata timaloza uta wa Leza. Popemphera timati Chauta.

A Mang'anja a m'chigwa cha Shire anali ndi yankho lawo pa nkhani yosankha mivi. Uta wa mtengo sungaponye muvi wothyola fupa la njati, choncho nzeru zawo anaziika pa mutu wa muvi. Ankaupaka ululu wochokera ku njere za kombe, umene ukalowa m'magazi umaimitsa mtima. Nyama ikagwa ankadula n'kutaya mnofu wozungulira bala, yotsalayo n'kudya. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi umene unayamba mu 1858, anaona mphamvu ya kombe pa thupi lake lomwe: mswachi wake unakhudzana ndi ululuwo m'thumba, ndipo atatsukira mano mtima wake unayamba kugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ndipo njere za kombe zinayamba kutumizidwa ku Britain. Mpaka lero dzina la chomerachi m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe. Anatenga njere, anatenga ndi dzina lomwe, koma mlenje mwini nzeruzo anamuthamangitsa m'tchire. Mu 1897 atsamunda anatchinga Elephant Marsh kukhala malo otetezera nyama. Mu 1928 anachita chimodzimodzi ku Lengwe, ndipo chaka chomwecho kuno anatsegula Wankie, imene lero timati Hwange. Uzimba wa mudzi unasanduka mlandu, koma mzungu wogula chiphaso ankasakabe.

Tsono tiyese chifundo chija pa nkhani imene dziko lonse linaimva. Usiku wa pa 1 July 2015, Walter Palmer, dokotala wa mano wa ku Minnesota, analasa mkango wotchedwa Cecil pa pulazi ina kunja kwa malire a Hwange. Anali ndi uta wa timagudumu, anali ndi womulondolera wodziwa ntchito, ndipo analipira madola pafupifupi 50,000. Mkangowo sunafe. Andrew Loveridge, katswiri wa ku yunivesite ya Oxford amene ankautsata ndi kachipangizo ka m'khosi, anapeza kuti unakhala ndi bala maola 10 mpaka 12 asanaumalize. Mu October chaka chomwecho boma linanena kuti mapepala a Palmer anali abwinobwino ndipo sanaimbidwe mlandu. Lero mnyamata wa kumudzi akapezeka ndi gwape amene wamulasa n'kufa pomwepo, amakagona kupolisi. Kodi lamulo layeza kuzunzika kwa nyama, kapena layeza thumba la munthu?

Ntchito yanga ndi kumasulira, ndipo m'mawu ndimo mpanda uja umaonekera bwino. Chingerezi chili ndi mawu awiri, hunter ndi poacher. Chichewa chili ndi mlenje, Chishona chili ndi muvhimi. Kuti ndimasulire liwu lachiwiri lija ndimachita kumanga chiganizo chonse: munthu wopha nyama popanda chilolezo. Chiganizocho chimaulula zimene liwu lachingerezi limabisa. Kusiyana kwa anthu awiriwa ndi pepala, ndipo pepalalo lili ndi mtengo.

Ndikudziwa zimene anditsutse nazo. Adzati nyama zatha, anthu achuluka, ndipo misampha ya waya imapha mwankhanza kuposa muvi uliwonse, imakola ngakhale mkango ndi njovu zimene mwini msampha sanazifune. N'zoona, ndipo waya sindikumuikira kumbuyo. Sindikunenanso kuti tibwerere ku kombe. Adzatinso ndalama za alenje akunja zimathandiza midzi kudzera mu CAMPFIRE, imene inayamba mu 1989 m'maboma a Nyaminyami ndi Guruve. Pali sukulu ndi zipatala zimene zinamangidwa motero. Koma taonani malo amene dongosololi limapatsa mwini dziko: atsate mapazi a nyama, anyamule madzi, asende chikopa, alandire nyama yotsala mlendo akatenga mutu. Uta wokhawo ndiwo sayenera kuugwira.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, malamulo a Zimbabwe okhudza kusaka ndi uta, amene amatchula mphamvu ya uta ndi kulemera kwa muvi molingana ndi kukula kwa nyama, amasuliridwe. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa, Chitonga ndi Chinambya zili momwemo. Lamulo loti likhoza kutsekera munthu m'ndende lizilankhula chilankhulo chake. Chachiwiri, pa chiwerengero cha nyama zimene boma limalola kuphedwa chaka chilichonse m'madera a midzi, pakhale gawo la alenje a m'midzimo, pa mtengo umene mlimi angaukwanitse. Ayesedwe ngati wina aliyense: muvi wake ndi wolemera mokwanira, mutu wake ndi wakuthwa, amalasa pamtima? Wolephera akanizidwe, kaya wachokera ku Binga kaya ku Minnesota.

Akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Anthu amene amagona ndi njovu m'minda mwawo, n'kumaona nyama yomweyo ikugulitsidwa kwa alendo okha, sadzaiteteza mpaka kalekale. Amene amakondadi nyama ayambe kuwerengera anthu amenewa pakati pa alenje.