Kutsata mzere si kubera

Anzanga, aliyense amene wayesako kupanga katuni potsata vidiyo amamva mawu amodzimodzi: "Aaa, iwe ukungokopera basi." Ine ndikukana. Njira imeneyi ili ndi dzina lake, rotoscoping, ndipo ndi luso lofuna thukuta.

Imayenda chonchi. Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zondondozana, moti filimu ya ku sinema imakhala ndi zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Ndiye umajambula mnzako pa foni akuyenda kapena akuvina. Kenako umaimitsa vidiyoyo, kuika pepala lopyapyala pa sikirini, n'kutsata thupi lake ndi pensulo. Ukatha, umasuntha vidiyo pang'ono n'kutenga pepala lina. Mapepalawo ukawasanja n'kuwatembenuza mofulumira ndi chala, katuni ija imayenda ngati munthu weniweni.

Njirayi si yachilendo ayi. Anaiyambitsa ndi Max Fleischer ku America mu 1915. Anajambula mng'ono wake Dave atavala ngati wanthabwala, n'kutsata filimuyo chithunzi ndi chithunzi, ndipo katuni ya Koko the Clown inabadwa motero. Mu 1989, Jordan Mechner anatulutsa gemu ya pa kompyuta yotchedwa Prince of Persia atatsata vidiyo ya mng'ono wake akuthamanga ndi kudumpha. Onsewa anayambira pakhomo, ndi m'bale wawo. Nanga ife tikusowa chiyani?

Kubera mayeso ndi kutenga nzeru za wina n'kunena kuti ndi zako. Apa vidiyo ndi yako, dzanja ndi lako. Tiwerengetsere bwinobwino: ngakhale utachepetsa n'kumajambula zithunzi 12 pa sekondi, katuni ya masekondi 5 ikufuna zithunzi 60. Eti waulesi angapirire zimenezo?

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomveka. Ukangotsata mzere uliwonse osaganiza, katuni imatuluka youma, yopanda moyo. Koma pamenepa ndi pomwe luso limaonekera. Wojambula amasankha yekha choti asiye ndi choti akokomeze: akhoza kukulitsa mutu, kutalikitsa miyendo, kapena kusandutsa mnzake kalulu koma mavinidwe ali omwewo.

Chimene chimandikoka ine n'chakuti njirayi imaphunzitsa maso. Ndi angati mwa ife amadziwa kuti poyenda, mkono wamanja umapita kutsogolo limodzi ndi mwendo wamanzere? Timaona tsiku ndi tsiku koma sitizindikira. Ukatsata zithunzi 60, dzanja limaloweza, ndipo tsiku lina udzajambula munthu akuyenda popanda vidiyo.

Zofunika sizidula: pensulo, mapepala opyapyala, ndi foni yobwereka kwa achimwene kapena achemwali Loweruka, poti pasukulu pano foni si malo ake. Wonjezerani kuwala kwa sikirini kuti mizere ioneke, ndipo gwirani pepala m'mphepete, chifukwa chala chikakhudza sikirini chithunzi chimathawa. Chinanso, musajambule munthu osamupempha. Kusandutsa mnzako katuni yoti anthu azimuseka iye asakudziwa, kumeneko ndiye kulakwa kwenikweni.

Pempho langa likupita kwa inu amene mumajambula kumapeto kwa makope nthawi ya buleki. Tiyeni tigwirizane anthu asanu ndi mmodzi, aliyense zithunzi 10, tipange masekondi athu 5 teremu ino isanathe. Amene akuti ndi kukopera, pensulo ilipo, abwere atenge zake 10.