ZA MIDZI YA KUMAPIRI A NENO: TIYAMBE TAPEMPHA MSEU

Kwa Mafumu athu olemekezeka, Nduna zao, ndi Abale onse a Msonkhano uno.

Ndalemba mau awa msonkhano wathu usanakhale, kuti munthu ali yense adze atalingirira kale nkhani imene tidzakamba. Nkhaniyo ndi ya midzi ya kumtunda kwa Neno, makamaka ya m'dziko la Mfumu Dambe, pa mapiri amene Azungu anawacha Kirk Range pokumbukira John Kirk, mnzace wa David Livingstone. Ine ndinabadwira komweko, ndipo cimene ndifuna kunena ndi cimodzi: umphawi wa midzi imeneyi sucokera ku ulesi kapena ku nthaka yoguga, koma ku kusowa mseu wopitika caka conse. Cifukwa cace tisapemphe zinthu khumi pa nthawi imodzi. Tiyambe tapempha mseu.

Amene sanakwereko amayesa kuti kumapiri kulibe kanthu. Si tero ai. Nthaka ya kumeneko ibala cimanga, nyemba, nsawawa, kabici, tirigu ndi mbatata ya kacewere, ndipo potsika pang'ono mupeza manacesi amene apaulendo amagula m'mbali mwa mseu wa ku Mwanza. Timitsinje tambiri sitiphwa ngakhale mwezi wa October, kotero kuti madimba akhala obiriwira pamene cigwa ca Lisungwi cauma. M'miyezi ya June ndi July nkhungu imakuta midzi kufikira dzuwa litakwera, ndipo moto suzima m'nyumba usiku wonse. Koma cisanu comweco ndico cimene tirigu ndi kacewere zifuna. Anthu ace ngolimbika, pakuti kulima pa citunda ndi khasu ndi nchito imene waulesi saikhoza. Nanga bwanji munthu wokolola zotere asowa ndarama ya sopo?

Yankho lace liri pa tsiku la malonda. Kacewere ndi katundu wolemera ndiponso wosacedwa kuola. Mlimi sangamsenze pamutu kunka ku Zalewa, ndipo sangamsunge kufikira mtengo utakwera. Tsono amadikira galimoto. Pakuti mseu ngwa matope ndi zitunda, eni magalimoto ambiri amaopa kukwera, ndipo amene walimba mtima nafika m'mudzi adziwa bwino kuti alibe wopikisana naye. Iye ndiye achula mtengo, iye ndiye adza ndi ndowa yoyesera, nauza mlimi kuti aidzaze kufikira itasongoka. Mlimi akakana, galimoto ipita, ndipo kacewere aolera pakhomo. Koma fetereza, mcere, malata ndi parafini zikakwera phiri lomwelo, mtengo wace ukwera nazo pamodzi. Motero munthu wa kumtunda alipira mseu woipawo kawiri: pogulitsa alandira zocepa, pogula apereka zambiri. Umenewu ndi msonkho wosalembedwa m'buku liri lonse la Boma, koma ukhomedwa caka ndi caka.

Msonkho wina ngwowawa koposa. Caka cina, mwezi wa February, tinanyamula mlongo wanga pa macila a nsungwi ndi bulangete, nthawi yace yakucira itafika usiku. Tinali amuna asanu ndi mmodzi olandirana, ndi amai awiri otsata m'mbuyo ndi nyali. Pa mtsinje tinapeza madzi atadzala, ndipo tinakhala pa gombe kufikira mbanda kuca. Mai anapulumuka, koma mwana tinakamuika kumanda tsiku lomwelo. Sindinena ici kuti mundimvere cisoni, pakuti palibe nyakwawa ya kumtunda imene iribe nkhani yonga iyi m'mudzi mwace. Mseu womwewo ndiwo uthawitsa aphunzitsi ndi anamwino, amene akatumizidwa kumeneko ayamba kupempha kusamuka katundu wao asanammasule. Ndiwo ukhalitsa ana pakhomo masiku amene mitsinje yadzala. Ndiwonso utuma anyamata athu ku Blantyre ndi ku Joni, kusiya minda m'manja mwa nkhalamba.

Sindikana kuti zabwino zina zacitika. Mishoni ya Matandani yakhala ikuphunzitsa ana athu kuyambira caka ca 1908. M'caka ca 2003 Neno anapatulidwa ku Mwanza nakhala boma pa yekha. M'caka ca 2007 a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anadza kudzagwira nchito pamodzi ndi Boma. Zipatala za pa Neno ndi ku Lisungwi zinakula, ndipo ku Dambe nako kunamangidwa cipatala cacing'ono. Zonsezi tiyamika. Koma cipatala cithandiza amene wafikapo, ndipo ambulansi siuluka.

Taonaninso ici. Pa mtsinje wa Shire, m'malire a ife ndi Blantyre, pali Nkula, amene anayamba kupanga magetsi m'caka ca 1966, ndi Tedzani, amene anatsata m'caka ca 1973. Magetsiwo aunikira mizinda, pamene nyumba zambiri za kumtunda zikali mumdima. Njanji yocokera ku Moatize m'dziko la Mozambique, imene inatsegulidwa m'caka ca 2017, idutsa m'boma lathu kunyamula malasha kunka ku doko la Nacala. Malasha a dziko lina anapezeredwa njira yofikira ku nyanja yamcere, koma kacewere wa ku Dambe alephera kufika ku Lunzu. Ici citiphunzitsa kuti mapiri ndi mitsinje sizikanika pamene akuru atsimikiza mtima. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 138,000 m'boma la Neno. Mseu wa tara wocokera ku Tsangano kudzera pa Neno kufika ku Mwanza unalonjezedwa kawiri kawiri, ndipo asilikari a dziko lino anayambapo nchito, koma pofika caka ca 2024 unali usanathe.

Ndamva mau awiri otsutsa, ndipo ndiyenera kuwayankha. Ena ati, Ngati kumapiri nkobvuta, atsike akakhale pafupi ndi tara. Ndifunsa: adzalima munda wa yani? Kucigwa malo ali ndi eni ace, mvula njocepa, ndipo tirigu sabala. Dziko silingapindule posandutsa alimi odzidyetsa okha kukhala aganyu m'mbali mwa mseu. Komanso kumapiriko kuli manda a makolo, ndi abale a tsidya lija la malire amene timalira nao maliro amodzi.

Ena ati, Mseu ukadza udzadza ndi akuba, ndi magalimoto a makala amene adzatha mitengo yonse. Mau awa ngoona, ndipo sindiwapeputsa. Walira mvula walira matope. Taona ndi maso athu m'mene thengo latherera kufupi ndi Zalewa, kumene matumba a makala aima m'mbali mwa mseu. Taonanso m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje, nakwirira anthu m'nyumba zao. Koma mankhwala a bvuto limeneli si kukhala opanda mseu. Ndi kuika malamulo a mitengo mseu usanafike, pamene mau a mfumu akali kumveka.

Cifukwa cace ndiika pamaso panu zinthu zinai, kuti msonkhano uzibvomereze kapena uzikonze.

Coyamba: nyakwawa iri yonse ya kumtunda ikhale ndi buku, ndi munthu mmodzi wodziwa kulemba. M'bukumo mulembedwe masiku amene galimoto inalephera kufika, odwala amene ananyamulidwa pa macila, amene anabadwira kapena kufera panjira, matumba a zokolola amene anaola, ndi mtengo wa ndowa m'mudzi pamodzi ndi mtengo wace ku Zalewa tsiku lomwelo, umene masiku ano tikhoza kufunsa pa lamya ya m'manja. Ine amene ndakhala m'maofesi ndidziwa kuti dandaulo la pakamwa liiwalika mlendo asanafike kwao, koma ciwerengero colembedwa cifuna yankho lolembedwa.

Caciwiri: pakutha pa dzinja mabuku onse asonkhanitsidwe, ndipo Mafumu Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon asaine kalata imodzi yonka kwa Bwana D.C., ku Khonsolo ndi kwa aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, yofunsa tsiku limene nchito idzatha ndi ndarama zimene zaikidwa. A kucigwa asanene kuti nkhani iyi si yao, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo ofuna mavoti akadza ndi nsaru ndi mipira, tilandire mwaulemu, koma tisaleke kufunsa funso lathu.

Cacitatu: podikira yankho, alimi a midzi yoyandikana agulitse pamodzi. Akhale ndi muyeso umodzi, makamaka sikelo, apangane mtengo wosatsikirapo, ndipo asonkhe ndarama yobwereka galimoto yao. Tikonzenso tokha ngalande ndi timilatho ta mitengo mvula isanagwe. Ici si thangata, pakuti thangata inali nchito yolemeretsa mwini munda wina. Iyi ndi njira imene mwana wako adzanyamulidwirapo.

Cacinai: mfumu iri yonse ipatule nkhalango ya mudzi, iletse kudula mitengo pa magwero a mitsinje ndi pa zitunda zotsetsereka, ndipo lamulolo lilembedwe ndi kuwerengedwa pabwalo.

Mafumu ndi Abale, mvula idzagwanso monga mwa nthawi yace, ndipo macila adzatsikanso mapiri aja. Ndipempha kuti pa tsiku la msonkhano nyakwawa iri yonse idze ndi dzina la munthu amene adzasunga buku la mudzi wace, kuti nchito iyambe dzinja lomwe lino.

Ndine mtumiki wanu,
Mlembi wa Msonkhano.