Galimoto Yogonamo: Zofunika Kuona Ulendo Usanayambe

Anthu okhala m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata nthawi zina amaona galimoto za alendo zokhala ndi kama, mbaula ndi thanki ya madzi mkati mwake, zikulunjika ku Mfuwe kukaona nyama. Galimoto zotere n'zoculuka ku Ulaya ndi ku South Africa, ndipo ambiri amazigula zitagwirapo kale nchito. Wogula ayenera kukumbukira mau a akulu akuti cikomekome ca nkuyu, mkati muli nyerere.

Galimoto yogonamo imatha miyezi yambiri iri ciimire pabwalo. Motero imakalamba ngakhale siinayende mitunda yaitali, ndipo ukalamba umenewu ndiwo umabweretsa ngozi.

Coyamba kuona ndi matayala. Tayala likhoza kuoneka losatha koma mphira wake utauma ndi kung'aluka. Pambali pa tayala pamakhala manambala anai osonyeza sabata ndi caka cimene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'caka ca 2018. Tayala lopitirira zaka 5 liyenera kuonedwa ndi makanika caka ciri conse, ndipo lofika zaka 10 licotsedwe, ngakhale litakhala lapadera.

Caciwiri ndi mabuleki. Mafuta a mabuleki amayamwa cinyezi pang'onopang'ono. Potsika zitunda zazitali monga za kufupi ndi mlatho wa Luangwa, mabuleki amatentha, madzi aja amawira, ndipo woyendetsa akaponda sagwira. N'cifukwa cace mafutawa amasinthidwa zaka ziwiri ziri zonse. Oilo, malamba a injini ndi mipaipi ya madzi ziyeneranso kusinthidwa ngati mwini wakale alibe mapepala osonyeza tsiku limene anazisintha.

Cacitatu ndi gasi wophikira. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, cotero akamatuluka amasonkhana pansi mpaka atakumana ndi moto. Pofuna kudziwa ngati akutuluka, mwini apake madzi a sopo molumikizira mipaipi. Thovu likatukuka, pamenepo pali cibowo. Macesi asayandikire. Mbaula yosayaka bwino imatulutsanso mpweya wakupha wopanda fungo, monga wa makala m'nyumba yotseka, motero banja lisagone iri ciyakire.

Denga lodontha limaoletsa matabwa mobisika. Fungo la nkhungu ndi khoma lofewa polisindikiza ndi cala ndizo zizindikiro zake.

Katundu naye ali ndi malire ake, olembedwa pa kacitsulo ka galimotoyo. Malita 100 a madzi okha amalemera makilogalamu 100. Zolemera ziikidwe pansi ndi kumangidwa.

Zonsezi zikatha, galimoto ikapimidwe ndi a boma, monga a RTSA muno m'Zambia, ndipo iyesedwe pa ulendo waufupi wa usiku umodzi isanapite kutali ndi ana ali mkati.