Pikapu yamagetsi imafuna kugona pakhomo

Ku America kuli alimi ndi amisiri omanga nyumba amene anasiya kufunsa mtengo wa petulo, kaamba koti pikapu zawo zimayendera magetsi. Yotchuka mwa izo ndi F-150 Lightning, imene kampani ya Ford inayamba kupanga mu April 2022 mumzinda wa Dearborn ku Michigan. Poyang'ana kunja ndi pikapu wamba. Koma munthu akatsekula boneti sapezamo injini, amapezamo bokosi lopanda kanthu loikamo katundu, lokwana malita 400. Mphamvu yonse ili m'batire lalikulu loyalidwa pansi pa galimotoyo.

Mwini galimoto yotere amakhala ngati mwini lamya ya m'manja. Akaweruka madzulo amalumikiza chingwe pakhoma, n'kupita kokagona. Ngati anaikitsa chotchajira champhamvu pakhomo pake, batire limadzaza m'maola pafupifupi 8, ndipo kukamacha galimoto yakhuta. Koma akangodalira soketi wamba ya m'nyumba za ku America, kudzaza batire lomwelo kumatenga masiku angapo. Ndiye chuma choyamba cha mwini pikapu imeneyi ndi khoma la nyumba yake.

Batire lalikulu la Lightning limasunga mayunitsi 131 a magetsi. Banja logula Credelec lingamve bwino nkhaniyi: nyumba yomaliza mayunitsi 100 pamwezi ikhoza kuyatsa mwezi wathunthu ndi magetsi a m'batire limodzi, n'kutsalako. Ndi magetsi amenewa galimoto imayenda makilomita pafupifupi 515, pomwe ya batire laling'ono, la mayunitsi 98, imayenda 370. Kwa mmisiri woyenda makilomita 50 kapena 60 patsiku, zimenezi ndi zochuluka ndithu. Sasintha oyilo wa injini, sagula mapulagi, ndipo mabuleki sakutha msanga chifukwa galimoto ikamachepetsa liwiro imabwezera magetsi m'batire. Kumbuyo kwake kuli masoketi oti kalipentala n'kulumikiza macheka ake ali kutchire. Kampani ya Ford inanena kuti magetsi akazima, batire lodzaza lingathe kuyatsa nyumba masiku atatu.

Mavuto amayamba tsiku la ulendo wautali, makamaka pakakhala katundu. Mu 2022 magazini ya zamagalimoto ya Car and Driver inamangirira ngolo yolemera makilogalamu pafupifupi 2,770 kumbuyo kwa Lightning n'kuithamangitsa mumsewu waukulu. Batire linatha itangoyenda makilomita 160. Kuchoka pa Ulongwe kupita mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ndiye kuti pa liwiro ndi katundu wotere galimotoyo ikanagona panjira.

Mafuta akatha panjira dalaivala amatuma mnyamata ndi chigubu. Magetsi salowa m'chigubu. Mwini pikapu yamagetsi amayenera kuwerengeratu malo otchajira asananyamuke, ndipo akafikapo amadikira mphindi zoposa 40 kuti batire lichoke pa 15 kufika pa 80 peresenti, ndiye kuti wapeza makina achangu, osawonongeka, opanda mzere. Malo ambiri otere anamangidwa poganizira galimoto zazing'ono, kotero wokoka ngolo amayamba waimasula kuti akwanepo, akatha n'kukaimanganso. Magetsi a pamalo amenewa ndi okwera mtengo kuposa a pakhomo, moti phindu lija losagula petulo limachepa. M'nyengo ya chisanu zinthu zimaipirako, chifukwa batire lozizidwa silipereka mphamvu zake zonse, komanso chotenthetsa m'galimoto chimadya magetsi omwewo.

Palinso kulemera. Pikapuyi payokha, yopanda katundu, imalemera pafupifupi matani atatu, ndipo matayala ndiwo amalipira. Batire lili ndi chitsimikizo cha zaka 8 kapena makilomita 160,000; likafa pambuyo pa nthawi imeneyi mwiniwake amaona yekha. Mtengo nawo sunakhazikike: yotsika kwambiri inayamba kugulitsidwa pa madola osakwana 40,000 mu 2022, koma pofika mu 2023 inali itayandikira 60,000 isanatsitsidwenso.

Kumalire kuno pikapu ndi bulu wa mudzi. Imanyamula matumba a kachewere, feteleza, odwala ndi maliro, m'misewu imene mvula ikagwa galimoto yolemera imatitimira. Magetsi a ku Cahora Bassa amapangidwa m'chigawo cha Tete chomwechino, koma ambiri mwa iwo amapita ku South Africa, ndipo midzi yambiri kuno ikadali yopanda waya. Galimoto yofuna kugona pakhoma lamagetsi usiku uliwonse ingasowe pogona.

Ngakhale ku America komweko ogula sanachuluke monga mmene Ford inkayembekezera. Mu December 2025 kampaniyi inalengeza kuti yasiya kupanga Lightning yoyendera batire lokha. Inati imene idzabwere m'malo mwake idzayendabe ndi magetsi, koma idzanyamula injini ya petulo yoti izitchaja batire panjira.